Mkamwini Amene Anakana Kupuma Wefuwefu

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, munafika mkamwini dzina lake Kamtedza. Anakwatira mtsikana wotchedwa Ndaziona. Mnyamatayu anali wamphamvu ndithu, koma matama! Poyenda ankachita ngati njira anailambula ndi atate ake.

M'mudzimo munali mwambo. Mkamwini watsopano ankapatsidwa ndime yoti alime, apongozi ali chapatali. Akaimaliza, ankamuonetsa malo omangapo nyumba. Akalephera, ukwati unkathera m'munda momwemo.

Popita kumunda, Kamtedza anauza mkazi wake kuti, "Ine sindipuma wefuwefu ngati galu pamaso pa apongozi. Adziwe kuti mwana wawo wakwatiwa ndi mwamuna."

"Inu, kapumeni ngati anthu," anatero Ndaziona. "Musandichititse manyazi."

Kamtedza anangoseka.

Tsono ana inu, mverani za m'kati mwa thupi. Thupi lanuli linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, tija kusukulu mumati maselo. M'kachipinda kalikonse muli osula ndi ng'anjo zawo. Magazi amawabweretsera shuga wochokera m'zakudya. Amawabweretseranso mpweya wabwino wochokera m'mapapo. Osulawo amayamba athyola shuga pakati, thyo! Pamenepo pamatuluka timphamvu tochepa. Kenaka zidutswazo amazilowetsa m'ng'anjo n'kuziotcha pang'onopang'ono ndi mpweya uja. Apo ndiye pamatuluka mphamvu zenizeni. Zotsala zimakhala madzi ndi mpweya woipa umene timautulutsa popuma.

Kamtedza anali atadya mbatata mpaka kukhuta, choncho shuga analipo wambiri. Apongozi ake, aNankhoma, anakhala pachulu n'kuyang'ana kumbali, pakuti mpongozi sayang'anitsitsa mkamwini. Kamtedza anakweza khasu. Kha! Kha! Kha!

Chifuwa chinati, "Tsegula pakamwa!"

Kamtedza anamanga milomo.

Kha! Kha! Kha!

Chifuwa chinatinso, "Aise, tsegula pakamwa!"

Kamtedza anamanga milomo. Ngakhale mpweya wa m'mphuno ankaukoka mobisa, kuopa kumveka.

M'kati muja osula anayamba kukuwa. "Magazi iwe! Shuga tamuona. Nanga mpweya uli kuti?"

"Mwini nyumba watseka chitseko," anayankha Magazi. "Akuti kuli apongozi."

"Apongozi? Kodi ng'anjo imayaka ndi ulemu?"

"Musandifunse ine. Khasu likufuna mphamvu. Thyolani shuga!"

Osula anathyola, thyo! Timphamvu tochepa. Anathyolanso, thyo! Timphamvu tochepa. Zidutswa zinaunjikana pakhomo pa ng'anjo popanda choziotchera, ndipo zinasasa ngati thobwa logonetsa.

Mikono ya Kamtedza inayamba kuotcha. Miyendo inalemera. Mizere inayamba kuzungulira m'maso mwake. Koma iye milomo ili chimangire. Anakweza khasu kamodzinso, khasu linamukana. Khu! Munthu uja anagwa chafufumimba, mphuno m'dothi, ndime isanafike ndi pakati pomwe.

Pakamwa paja panatseguka pokha. Wefu! Wefu! Wefu! Olima m'minda yoyandikana anasiya makasu n'kuthamangira. Amayi opita kudambo anatula mitsuko. Ndaziona anabisa nkhope m'chitenje, misozi ili chuchuchu.

Ndiye chinachitika chimene sichinaonekepo m'mudzimo. ANankhoma anatsika pachulu, anagwada, anatembenuza mkamwini wawo ndi manja awo, n'kumukupiza ndi lichero. Mpongozi kugwira mkamwini! Ha, ine pofotokoza pano manyazi akundigwira. Kamtedza atatsegula maso n'kuona nkhope ya apongozi pamwamba pake, analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Mpweya unalowa. Ng'anjo zinayakanso. Zosasa zija Magazi anazinyamula pang'onopang'ono, ndipo mphamvu zinabwerera m'mikono. Koma mutu sunadzuke. Kamtedza anangoti zyoli.

ANankhoma anabwerera chammbuyo, anayang'ananso kumbali, n'kulankhula kwa mwana wawo.

"Ndaziona, tawauza bambowa. Ine mkamwini sindimuona ndi maso, ndimamumva ndi makutu. Khasu limalira ngakhale m'manja mwa waulesi. Chimene ndimadikira pachulupa ndi wefuwefu, pakuti ndiye amandiuza kuti munthu akulima ndi mtima wonse. Ndime ija ndi yaikulu dala. Atate ako omwe sanaimalize, koma ndimva kuti agogo ako anawamva kupuma ali kutsidya kwa mtsinje. Awa ndawamva ali chigonere."

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinamupweteka Kamtedza koposa kusekedwa.

Sanadikire kuti ankhoswe amuuze kuti ukwati watha. Anadzera kuseri kwa nkhokwe, osatsanzika, n'kulunjika kwawo. Pokwera phiri anapuma wefuwefu njira yonse, pakamwa pali yasa, koma panalibe womumva.

Nthano yanga yagona pamenepa, sonkhezani zikuni. Wobisa kutopa amagwa anthu akuona.