Mkamwini Wosadya Nsinjiro

Kalekale, chigayo cha magetsi chitangofika kumene pamsika, panali mayi wina dzina lake Nachanza. Mayiyu ankadziwika ndi dzanja lake pa ndiwo zotendera. Nkhwani, chisoso, chigwada, futali, chilichonse ankathira nsinjiro mosaumira.

Mwana wake Filesi anapeza mwamuna, telala waulemu kwambiri dzina lake Wedisoni. Koma Wedisoni thupi lake silinkagwirizana ndi mtedza. Akangolawa pang'ono, milomo inkatupa, pakhosi n'kuyamba kutseka. Tsiku limene anabwera kudzaonekera, Nachanza, posadziwa, anamuphikira nkhwani wotendera. Wedisoni anayang'ana mbale, anayang'ana khomo limene apongozi anatulukira, n'kusamba m'manja. Mkamwini angakane bwanji chakudya cha apongozi? Anadya. Anamutengera kuchipatala pa kabaza, milomo ili ngati mandasi awiri.

"Bwanji simunanene, bambo?" anafunsa Nachanza, manja ali kumutu.

"Manyazi, amayi."

Namwino anakokera Nachanza pambali. "Mayi, mkamwini wanuyu adzafa ndi ulemu. Iye sadzakana kanthu, ndiye muzimukanira ndinu. Ufa, mafuta, masikono, muzigula kwa okhawo amene a zaumoyo anawayendera n'kuwapatsa chiphaso. Ndipo musamangoona chiphasocho, muziwauzanso za mtedzawu."

Chinkhoswe chitayandikira, Nachanza anamanga chitenje n'kuuyatsa ulendo wa kumsika. Sankafuna kuti tsiku lovina lisanduke lolira.

Anayambira kuchigayo kwa bambo Kamwaza, kumene chiphaso chinali pakhoma, chitayera ndi ufa. Kamwaza atamva nkhaniyo anakanda mutu.

"M'mawa uno ndagaya soya wosakaniza ndi mtedza, wa phala la ana. Zotsalira zikadali m'sefa."

Anazimitsa chigayo, n'kumasula sefa, n'kuyamba kusesa ndi kutsuka. Amayi amene anali pamzere anayamba phokoso.

"A Kamwaza, mwapenga kodi? Ana athu adya chiphaso chanucho?"

Kamwaza anapitiriza kutsuka. Amayiwo anasenza matumba awo kupita kuchigayo china, ndipo ena mwa iwo sanabwererenso. Zitsulo zitauma, chimanga choyamba kulowa chinali cha Nachanza.

Kenako anapita kwa Abiti Saidi, wophika masikono ndi makeke, nayenso wachiphaso. Ntchito ya masikono ndi keke ya chinkhoswe inali yaikulu, yoti munthu n'kugulira malata. Abiti Saidi anamvetsera, n'kuyang'ana mathireyi ake nthawi yaitali.

"Achemwali, ine mabisiketi a chiponde ndimaphikira momwemu. Ngakhale nditsuke chotani, sindingalumbire. Pitani kwa Esinati, tsidya la msewu. Iye mtedza sagwira, chiphaso ali nacho."

Nachanza anatsegula pakamwa. Msika wonse unkadziwa kuti Abiti Saidi ndi Esinati sankapalana moto, chifukwa cholandana ogula.

"Kwa Esinati yemweyu?"

"Yemweyo. Masikono ake ndi ouma ngati njerwa, koma sapha munthu. Pitani msanga ndisanasinthe maganizo."

Mafuta a mpendadzuwa, otseka bwino ndi chidindo, anagula kwa mayi Nasibeko, nayenso wachiphaso. Apa panalibe vuto lililonse, ndipo Nachanza anawaitana kuti adzabwere kudzavina.

Tsiku la chinkhoswe Nasibeko anafika atavala chitenje chatsopano. Podutsa kuseri kumene amayi ankaphika, mphuno yake inagwira kanthu. Munthu wogulitsa mafuta samusokoneza pa fungo. Azakhali a Filesi anali atabwera ndi mafuta awo a mtedza oyenga kumudzi, ati a m'sitolo sakoma, ndipo nkhuku ya mkamwini inali ikutumpha m'menemo. Mtsikana wonyamula mbale anali ataima kale pafupi. Nasibeko sanapereke moni. Anagwira chiwaya n'kukhuthulira zonse paphulusa. Mafuta anamutayikira paphazi, chitenje n'kupsa m'mphepete.

"Mfiti iwe!" anakuwa azakhali. "Nkhuku ya mkamwini! Wakutuma ndani?"

Amayi anamuzungulira, wina atanyamula kale mthiko. Nachanza anafika akuthamanga, ananunkhiza botolo la azakhali, n'kumva fungo la mtedza. Anagwira nkhuku ina, anatsuka chiwaya china, zinthu n'kuyambiranso.

Chinkhoswe chinayenda bwino. Wedisoni anadya zonse zimene anamuikira, anavina mpaka nsapato kuvuka, milomo yake ili yomwe ija anabadwa nayo. Nasibeko anavina ndi phazi limodzi.

Alendo atabalalika, Nachanza anapha tambala wamkulu n'kuitana Kamwaza, Abiti Saidi ndi Nasibeko kuti awathokoze. Anayala mphasa, anagawa ntchafu, mapiko ndi chidale. Mumphika munatsala nthutumba. Pakhomo pa Nachanza nthutumba inali ya mlendo wolemekezeka kuposa onse, ndipo sankaidula, chifukwa kuidula n'kudula ulemu. Tambala anali mmodzi, nthutumba imodzi.

Kamwaza anatsokomola n'kusendeza mbale yake. "Ufa unali m'mbale iliyonse. Ndikanangogaya osanena kanthu, ndani akanadziwa? Mpaka lero pamzere panga pakuuluka ntchentche zokha."

"Inu munagaya ndithu, ntchito munaigwira," anatero Abiti Saidi. "Ine ndinatenga chakudya cha ana anga n'kukachiika m'kamwa mwa Esinati. Panopa akudutsa pakhomo panga ndi nsapato zatsopano, akuyenda pang'onopang'ono kuti ndizione."

"Ndiye mukufuna nthutumba chifukwa chosaphika?" Nasibeko anaseka. "Inu awiri munali ndi nthawi yoganiza. Ine nkhuku inali itapsa, mbale ili pompo. Taonani phazili!"

"Phazi limapola, mayi," anatero Kamwaza. "Ogula sapola."

"Komanso mafuta amene munataya sanali anu," anawonjezera Abiti Saidi. "Kutaya za eni ake n'kosavuta."

Onse anaseka, koma palibe amene anabweza mbale yake.

Nachanza anaima ndi nthutumba pachipande. Akayang'ana Kamwaza, ankaona kuti popanda iye mkamwini akanagwa pa mbamu yoyamba. Akayang'ana Abiti Saidi, ankakumbukira keke ya kwa Esinati imene Filesi anamudyetsa Wedisoni ndi dzanja lake, anthu akululutira. Akayang'ana Nasibeko, ankamva fungo la botolo lija. Onse atatu anali ovomerezeka, ndipo onse atatu anachita zoposa zimene chiphaso chinkafuna. Dzanja linayamba kumuwawa, msuzi n'kuyamba kuzizira.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musangokhala chete, nthutumba ikuzizira. Nachanza aiike m'mbale ya ndani: wa chigayo amene anathamangitsa ogula ake, wa masikono amene anapereka ntchito kwa mdani wake, kapena wa mafuta amene anapsa phazi n'kutchedwa mfiti?