Mmene Amayi a Ndaziona Adagonthera Makutu

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ife, padali Njiri yaikazi dzina lake Ndaziona. Tili tonse? Sunthirani pafupi, sindibwereza.

Ndaziona ankakhala ndi amayi ake, aNachuma, m'nyumba ya patsinde pa chulu. ANachuma adali okalamba. Tsiku lina, mvula yoyamba itangogwa, adaterereka pakhomo, ndipo sadadzukenso. Mutu udali bwinobwino, pakamwa padali bwinobwino, koma miyendo idangoti lobodo.

Ntchito yonse idagwera Ndaziona. Kukacha awasambitse, awatembenuze, awaphikire phala, awadyetse. Dzuwa likakwera awakokere pakhonde, likatentha awabwezere m'nyumba. Madzi atunge yekha, nkhuni atole yekha. Munda wake udali kuseri kwa nyumba komweko, koma khasu lidachita dzimbiri. Udzu udapitirira chimanga. Akati athamangire kukapalira, amayi ake ankagonera mbali imodzi, mpaka panthiti padatuluka chilonda. Akati akhale pakhomo, ankadziwa kuti chaka chamawa iye ndi amayi akewo adzafa ndi njala.

Musaganize kuti adalibe abale. Adalipo achimwene ake, Chikaonda, amene sadaondepo chibadwire. Adaliponso achemwali ake, Nyozani, amene adakwatiwa ndi Fisi kutsidya kwa mtsinje. Onsewa ankabwera kudzazonda matenda. Kuzondako ankazonda ndithu!

Chikaonda akabwera ankakhala pampando pakhonde, n'kufuulira m'nyumba.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Pang'ono, mwana wanga."

"Iwe Ndaziona, uziwatembenuza amayiwa. Phala lizikhala lamadzimadzi. Thobwa lilipo?"

Thobwa likatha, ankati, "Tsalani bwino." Ndaziona ankati, "Pitani bwino, achimwene."

Nyozani ankayambira kulira ali kumtsinje.

"Mayo ine, amayi anga! Mtima wanga ndi wofooka, sindingalowe m'nyumbamo, ndingakomoke."

Akapukuta misozi ankadya mbatata zinayi, n'kuti, "Tsalani bwino." Ndaziona ankati, "Pitani bwino, achemwali."

Fisi, pokhala mkamwini, sankayandikira apongozi ake. Ankanjuta kuseri kwa nkhokwe n'kupereka moni ali komweko. Kenaka ankanunkhiza.

"Alamu, phala latsala m'mbalemo musataye."

Phalalo silidali lotsala ayi. Lidali la wodwala, linkazizira. Koma Ndaziona akatuluka ankapeza mbale ili mbee, n'kunena mano ali gwa, "Pitani bwino, alamu."

Mukufunsa kuti mawu amenewa ndikuwabwerezeranji. Masiku amenewo udali mwambo. Wodzazonda matenda sankachoka pakhomo asanauzidwe kuti "pitani bwino," kaya ndi wodwala mwiniwake, kaya ndi womudwazika. Ukangozemba osauzidwa, matenda n'kukula, mudzi wonse unkakuloza chala kuti walodza ndiwe.

Tsiku lina Fisi atachoka, Ndaziona adayamba kuphika phala lachiwiri. Mthiko unkagunda mphika ngati akumenya mdani.

"Iwe, mphikawo wakulakwira chiyani?" aNachuma adafunsa ali m'nyumba.

"Ozonda andikwana, Amayi! Ndikudwazika mmodzi, ndikuphikira anayi. Adya, apukuta pakamwa, ine n'kumati pitani bwino, pitani bwino."

Adasiya mthiko. Adabwereza mawuwo pang'onopang'ono. Eti amene ankawamasula adali iye yemwe, ndi pakamwa pake pomwe! Adalowa m'nyumba n'kugwada pamphasa.

"Amayi, makutu anu akumva bwanji?"

"Ndimamva ndi chiswe chomwe chikamadya denga."

"Kuyambira mawa agonthe."

Adawanong'oneza zonse. ANachuma adaseka mpaka kutsokomola. Chigwereni pakhomo paja adali asanasekepo.

M'mawa mwake kudabwera Chikaonda. Asanafunse za thobwa, Ndaziona adanyamula khasu.

"Achimwene, cheza nawoni amayi, ndikaone kumundaku."

Adapita mchira uli njo. Munda udali pafupi, choncho ankapalira khutu lili kunyumba.

Chikaonda adadikira. Adadikiranso. Mpando utamuwawa, adasuzumira pakhomo.

"Amayi, ine ndikupita."

"Ukuphika? Phika, mwana wanga. Ufa uli m'dengumo."

"Ayi! Ndati ndikutsanzika!"

"Ukundidwazika? Chauta akudalitse. Yamba wanditembenuza, mbali inoyi yachita dzanzi."

Chikaonda adayang'ana njira, adayang'ana amayi ake. Kuzemba sakadatha. Adalowa akung'ung'udza, nawagwira paphewa, nawatembenuza. Nsalu idatsetsereka. Chilonda chija chidaonekera, chachikulu ngati tsamba la dzungu. Kung'ung'udza kudatha.

"Chilondachi chidayamba liti?" adafunsa motsitsa mawu.

"Mwezi watha uja."

"Zimenezi mwamva, Amayi?"

"Wati chiyani?"

Tsiku limenelo Chikaonda adatsuka chilonda ndi madzi ofunda. Adaphika phala la mibulu, utsi utamuliza misozi. Adawakokera pakhonde, adawabwezera m'nyumba, adawatembenuza kanayi. Dzuwa litapendeka Ndaziona adabwera ali matope okhaokha, atapalira mizere khumi ndi iwiri.

"Pitani bwino, achimwene."

Chikaonda adapita osapereka langizo ngakhale limodzi.

Mkuja mwake kudamveka kulira kumtsinje. Ndaziona sadadikire n'komwe. Nyozani pofika adapeza pakhonde pali zii, mbatata palibe.

"Mayo ine, amayi anga!" adalira ali panja. Palibe adamutonthoza. Kulira kopanda womvera sikuchedwa kutha. "Amayi, ndangodutsa. Tsalani bwino."

"Utsala? Tsala ndithu, mwana wanga. Lowa."

"Ayi, ndikubwerera kwathu!"

"Kuno n'kwanu kumene. Mchombo wako udakwiriridwa kuseriku. Bwera ndi madzi, undisambitse."

Nyozani adalowa atagwira mphuno. Sadakomoke ayi. Atawanyamula kuti awakhazike tsonga, adadzidzimuka. Amayi amene ankamubereka kumsana adali atapepuka ngati dengu la madeya. Adawasambitsa, adawadzoza mafuta a nsatsi, adawapesa chenjerere cha pakhosi. Ndaziona ali kumunda adamva awiriwo akuseka, akukumbutsana za tsiku limene Nyozani ali mwana adalowetsa mutu m'mphika n'kukanirira. Pobwera madzulo adapeza achemwali ake akulira, koma ulendo uno popanda phokoso.

Fisi adamva zonse kwa mkazi wake, n'kuseka.

"Inu ndinu opusa. Ine sangandikole. Mkamwini sakhudza apongozi."

Adafika m'mamawa, naimirira panjira ya kumunda.

"Alamu, musanagwire khasulo, neneranitu pitani bwino."

"Ha, alamu, mupite musanadye? Anthu adzati chiyani? Maungu ali mumphikamo, ndathira nsinjiro."

Fisi adalowetsa mutu mumphika. Poutulutsa, Ndaziona adali atafika kale pamzere wachitatu.

Fisi adanjuta kuseri kwa nkhokwe, pamalo pake pa masiku onse, n'kukuwa.

"Apongozi, ndikutsanzika!"

"Mukundidwazika? Iyayi, apongozi, musandikhudze, n'zosayenera. Mungonditungira madzi."

"Ndati ndikunka!"

"Nkhuni? Zoona, zatha. Nkhwangwa ili pakhondepo."

"Ndanyamuka ine!"

"Mwanyamula? Mitsuko ndi iwiri, musasiye winawo."

Kuti asendere pafupi akawakuwire m'khutu, mwambo womwe ankaudalira uja udamuletsa. Fisi adayang'ana uku, adayang'ana uku. "Andiona ndani?" adatero chamumtima. Adanyang'ama kuseri kwa chulu, n'kuliyatsa liwiro la kumtsinje.

ANachuma adamva mapaziwo. Adakoka mpweya.

"Mayo, mutu wanga! Mayo, msana! Mlendo wanga ali kuti? Ndikufa ine!"

Ndaziona adaponya khasu n'kuthamanga, mtima uli m'mwamba. Adapeza amayi ake akubuula ndi pakamwa, diso limodzi akumutsinzinira.

Padooko padali Nkhanga ndi anzake akuchapa. Mukudziwa pakamwa pa Nkhanga, nkhani ikalowa m'mawa, masana yafika midzi isanu. Adaona Fisi akubwera wefuwefu.

"A Fisi, kubuulaku si kwa apongozi anu? Akuuzani pitani bwino?"

"Andiuza. Anachita kunong'ona."

"Kunong'ona ndi mawu amenewa? Amayi inu, mwamuona nonse. Kukachitika kanthu lero kwa aNachuma, woyamba kumufunsa tikumudziwa."

Fisi adatembenuka pomwepo. Adabwerera liwiro loposa loyamba lija, adatola mitsuko yonse iwiri, adatunga, adatunganso. Adawaza nkhuni mpaka manja kutuluka matuza. Mtsuko woyamba utangofika pakhomo, mutu wa aNachuma udapola.

Kutacha, onse atatu adabwera osaitanidwa. Fisi adayambira kuseri kwa nkhokwe kudandaula.

"Ife tapusitsidwa. Apongozi si ogontha ayi!"

"Zoona, apongozi, ndimamva," aNachuma adayankha ali pakhonde. "Ndinkamva ndi mbale yanga ya phala ikamanyambitidwa."

Fisi adayang'ana pansi.

Ndaziona adaimirira pakati pa bwalo. Sadazungulire.

"Achimwene, achemwali, amayiwa adabereka atatu. Chilonda mwachiona. Munda mwauona. Ndekha sindingathe, ndipo ndasiya kunamizira kuti ndingathe. Wobwera pano azibwera ndi manja."

Nyozani adati, "Nanga kunyumba kwanga aziphika ndani?"

"Amuna anuwo mphika amaudziwa bwino. Dzulo anali m'kati mwake."

Chikaonda adaseka, kenaka adakhosomola monga mkulu wa mbumba.

"Mlongo wanga wanena zoona. Ine ndinkalamula zotembenuza ndisanatembenuzepo. Tizichita chonchi. Ine masiku awiri, Nyozani masiku awiri, Ndaziona masiku awiri, kenaka tiyambirenso. Wa tsiku lake afike kusanatenthe, abwere ndi ufa wake, asachoke mnzake asanadziwe mmene amayi aswerera. Wina akadwala kapena akakhala ndi ulendo, anene msanga, tisinthane."

"Mwaiwala kundifunsa ine mwini matenda," adatero aNachuma. "Kusamba azindisambitsa ana aakaziwa. Iwe Chikaonda uzinditembenuza ndi kundinyamula, mphamvu uli nazo. Koma phala lako lija, mwana wanga, uyambe waphunzira."

"Ine mwambo ukundiletsa zonsezi," Fisi adatero msangamsanga.

"Mwambo ukukuletsani kukhudza apongozi," Chikaonda adayankha. "Mtsuko si apongozi anu. Nkhwangwa si apongozi anu. Madzi ndi nkhuni n'zanu, alamu, tsiku lililonse."

Fisi adatsegula pakamwa kuti akane. Adaona Nkhanga ataima pampanda, khosi atalitalikitsa. Adatseka pakamwa n'kutola mtsuko.

Zidayenda momwemo. Sikuti padalibe mikangano ayi. Nyozani ankachedwa, Chikaonda adapsereza miphika iwiri. Koma panalibe tsiku limene aNachuma adagonera mbali imodzi mpaka dzanzi. Chilonda chidauma, chidapola, padatsala chipsera chokha. Ndaziona adapalira munda wonse, adabandira, ndipo masana ena ankagona pamthunzi wa mpoza miyendo atatambasula, popanda womuitana.

Chimanga chitakhwima, aNachuma adati akufuna akaone ndi maso awo. Chikaonda adamanga machira a nsungwi. Iye kutsogolo, Nyozani ndi Ndaziona kumbuyo, adawanyamula mpaka pakati pa munda. Chimanga chidali chitabereka ziwiriziwiri, maungu ali mbwee pansi. Mayi wokalambayo adayang'ana kumtunda, adayang'ana kumunsi. Ndaziona adadikira kuyamikiridwa.

"Mzere uwo wakhota," adatero aNachuma.

"Amayi inu!"

"Wakhota ndithu. Koma nkhokwe imodzi sikwana. Apongozi, mukumva kumeneko? Mukatula madziwo mukadule nsungwi."

Fisi adali chapatali, mitsuko iwiri ili pamsana. Adayesa kunamizira kuti sadamve. Onse adaseka mpaka machira kugwedezeka. Ndipo mukadzamuona Fisi lero, muyang'ane msana wake mmene udatsikira chakumbuyo. Ndi mitsuko ya apongozi imeneyo.

Phunziro lake nali, musati sindidanene. Kuzonda wodwala ndi kwabwino, koma kudwazika ndi ntchito, ndipo ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Muli ndi kholo lodwala, khalani pansi mugawane masiku, wodwalayo mumufunse zimene akufuna, ndipo amene watopa anene poyera asanagwe nayenso.

Nthano yanga yathera pompa. Amene adaika mbatata pamoto akaphule yekha isanapserere.