Mbali Ina ya Tepi

"Amayi, nambala izi ndi mainchesi kapena masentimita?"

Funso limeneli anafunsidwa mayi wina wamasiye amene ankakhala yekha m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika wa ku Dedza. Wofunsayo anali telala wa pakhonde la sitolo, tepi yake ili m'khosi.

Mayiyu anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anapita ku Joni kalekale. Kumeneko anabereka mwana wamkazinso. Mdzukuluyo agogo akewa anali asanamunyamulepo. Chimene anali nacho ndi chithunzi chimodzi cha khanda lili mu shawelo, chimene anachipanikiza pagalasi la kabati. M'mawa akamasesa ankachipatsa moni. Zaka zinapita mpaka kukwana zisanu ndi zitatu, koma pachithunzipo khandalo silinkakula. Mumtima mwa mayiyo silinkakulanso.

Tsono anamva kuti dalaivala wina wa mumpingo mwawo anyamuka Lachisanu kupita ku Joni. Mayiyo anati, "Mwana uja avaleko chinthu chochokera m'manja mwanga, angakule osadziwa kuti ali ndi agogo." Anatsegula sutikesi natulutsa nsalu yabuluu ya timaluwa toyera, yomaliza imene malemu amuna awo anawagulira. Inali yongokwana diresi imodzi. Anaimbira foni mwana wawo, ndipo mwanayo, ali pachangu monga mwa masiku onse, anati, "Chifuwa 26, kutalika 30. Amayi ndili kuntchito, tiyankhulanabe."

Ndiye telala uja anafunsa funso lake.

Mayiyo sankadziwa kuti tepi ili ndi mbali ziwiri, ndi kuti inchesi imodzi imameza masentimita awiri ndi theka. Anangomwetulira nati, "Kaya, bambo. Ndi kamwana, kamdzukulu kanga ka ku Joni."

"Oo, ngati ndi kamwana, ndiponso ka ku Joni, ndi masentimita amenewo. Kumene kuja ndiwo amayendera." Anatembenuza tepi, nayamba kudula.

Lachisanu m'mawa mayiyo anapita kukatenga diresi. Telala anaitulutsa m'pepala monyadira. Inali yaing'ono ngati ya chidole, yokwana pachikhatho ndi mkono basi. Pamenepo m'pamene mayiyo anakumbukira kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amayenda, amathamanga, amapita kusukulu. Mwana wawo uja anayeza ndi mainchesi, monga anaphunzirira kwawo kuno. Nsalu yotsala inali yodukaduka, yosakwananso diresi ina. Dalaivala anali ataliza kale galimoto.

"Ndalakwitsa kodi, amayi?" anafunsa telala, nkhope itagwa.

Mawu anali atadzaza m'kamwa. Koma maso a mayiyo anagwera pa kachipewa kamene telalayo anasokerapo mwa kufuna kwake, osauzidwa, kokhala ndi lamba womangira pansi pa chibwano. Anameza mawu aja.

"Simunalakwitse, bambo. Mwasokera mwana amene ndimamudziwa."

Dalaivala anapita wopanda kanthu. Mayiyo anabwerera kunyumba, naika kadiresiko pansi pa sutikesi, natseka. Tsiku limenelo chithunzi chija sanachiyang'ane.

Kuseri kwa khoma lawo kunkakhala mtsikana wina mlendo wochokera kuchigwa cha Shire. Mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ya fodya, osabweranso. Mtsikanayo anali atangochira kumene, mwana wake atabadwa masiku asanakwane. Kulira kwake kunkamveka pakhoma ngati kwa kamphaka. Zovala zonse za pakaunjika zinkamukulira, ndipo mphepo ya ku Dedza, inu mukuidziwa, inkalowera m'khosi n'kutulukira kumiyendo.

Mayi uja ankamva kulirako ali chikhalire pampasa. Mtima wina unkati, "Nsalu ija ndi ya amuna anga, ndinasungira magazi anga. Ameneyu ndani wanga?" Mtima wina unkangoti, "Kunja kukuzizira." Mitima iwiriyi inakangana mpaka Lamulungu. Pobwera kutchalitchi anatsegula sutikesi, nazungulira kuseri.

"Odi kuno. Mwanawe, tamuyesa aka."

Kadiresiko kanamukwana khandalo ngati telala anachita kulinyamula poyeza. Pachifuwa ndendende. Kachipewa kanaphimba makutu onse awiri. Mtsikanayo anangogwira dzanja la mayiyo n'kuligwiritsa.

Patapita miyezi mtsikanayo anasamukira mbali ina ya tauni, ndipo kuseri kwa khoma kunakhalanso zii.

Sindikuuzani kuti mwana wa ku Joni uja anabwera, ayi. Sanabwere. Foni inkalira pa Khirisimasi, zaka zina osalira. Mayiyo anakalamba, maso anachita khungu pang'ono, juzi yawo inabooka m'zigongono. Ankaphika kapoto ka munthu mmodzi, n'kudya akuyang'ana pakhomo.

Chaka china, mwezi wa Juni, chifuwa chitawagwira, anamva odi. Anali mayi uja wa kuchigwa, tsopano woluka majuzi ogulitsa pamsika. Kumbuyo kwake kunaima mtsikana wamiyendo yaitali, woguluka mano akutsogolo.

"Agogo, mwadzuka bwanji?" anatero mwanayo atagwada.

"Zaka zingati ameneyu?"

"Zisanu ndi zitatu, amayi."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali. "Kani amakhala wamkulu chonchi," anatero motsitsa mawu. Anamukhazika pambali pawo, namugwira paphewa mpaka alendowo anatsanzika. Potsanzikapo mayi woluka uja anawakumbatira, nachedwa kuwasiya.

Abale ndi alongo anga, ambiri a ife tili ndi kanthu kamene tinakatsekera pansi pa sutikesi. Chikondi chimene tinakonzera munthu wina, iye osachilandira. Pemphero limene yankho lake linabwera laling'ono kuposa mmene tinapempherera. Timayeza ndi mbali yathu ya tepi, n'kunena kuti zalakwika, zawonongeka. Koma tepi ili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali inayo amawerenga ndi Mulungu. Chimene chachepa kwa amene munamufunira, chilipo chifuwa china chimene Iye anachiyeza kale, ndipo kawirikawiri chimakhala kuseri kwa khoma lanu lomwelo. Musachisunge mpaka njenjete zichidye. Zungulirani kuseri, mukachite odi.

Sabata yotsatira mayi wamasiye uja potsegula chitseko m'mawa anapeza kathumba pakhonde. Munali juzi yaubweya yochindikala, yofika m'chiuno, manja ake othera pamfundo penipeni. Anaivala, ndipo inawakwana ndendende. Anadabwa kuti mayi woluka uja anawayeza liti, popeza tepi sanaione. Kenaka anakumbukira kukumbatira kochedwa kuja.

Popinda kolala, chala chawo chinakhudza kansalu kosalala kosokeredwa mkati, pamene pamagunda khosi. Anapita nayo padzuwa kuti aone bwino. Kanali kabuluu, ka timaluwa toyera.