Chipsera cha a Kaliwo

Abale ndi alongo, iyi simuikhulupirira, ndalumbira. Mudzangoti mwana wa a Jumbe wayambanso. Koma tcherani khutu. Ine sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 6, osati kulephera ayi, aphunzitsi ndi amene ankalephera kundipeza liwiro. Ndiye ndikamakamba za maphunziro, ndikudziwa chimene ndikunena.

Ku Limbe kunali mnyamata wina amene ankaphunzira kujambula pasukulu ina ya zaluso. Osati kujambula kwa pafoni kongodinaku. Kwa pensulo, penti ndi bulashi. Akajambula phiri la Ndirande, iwe unkamva mphepo. Akajambula mbuzi, agalu ankaiuwa. Dzanja ngati limenelo m'Malawi muno lilipo limodzi basi.

Pasukulupo, Lachitatu lililonse pankabwera mdala wina, a Kaliwo, kudzakhala pampando kuti ophunzira aziphunzirira nkhope ya munthu. Mdalayo diso lamanzere linafa kalekale. Kuchokera pakhutu mpaka pachibwano panali chipsera cha moto. Mutu nawonso unali utayamba kuiwalaiwala.

Mnyamata uja chipseracho sankachijambula. Diso lakufalo ankalitsegula. Masaya ankawadzaza. Mphunzitsi ankaima kumbuyo kwake n'kumuuza kuti, "Iwe, jambula munthu wakhala apoyo, osati amene ali m'mutu mwakoyo."

Iye amvekere, "Ticha, ine ndikuwathandiza madalawa."

Lolemba lina m'mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta tauni yonse, mwana wamkazi wa a Kaliwo, dzina lake Esinta, anafika pasukulupo ali wefuwefu. Bambo ake anatuluka dzulo lake kuti akukagula fodya, osabwerako. Anangovala malaya okha, juzi anaisiya pabedi. Chithunzi chawo panalibe, mdalayo kamera ankadana nayo. Mphunzitsi anali ku maliro ku Ntcheu. Ophunzira enawo mitu ya anthu ankaijambula ngati maungu.

Esinta anagwira mnyamata uja mkono. "Achimwene, nkhope ya bambo mumaidziwa. Ijambuleni timate m'misewu."

Mnyamatayo anakhala pansi. Mphumi inatuluka. Mphuno inatuluka. Pensulo itafika pa tsaya, inaima. Ankadziwa chimene chimayenera kukhala pamenepo. Koma mtima unamuuza kuti: pepala ili limatidwa tauni yonse, pansi pali dzina lako. Anthu aone chipsera, kapena aone luso?

Anasalaza tsaya lija. Anatsegula diso.

Esinta anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Awa ndi bambo anga?"

"Ndi iwowo. Izi n'zaluso achemwali, simungazimvetse."

Mayiyo analibe mphamvu zokangana. Anachulukitsa mapepala pa makina, n'kumata pa mitengo, pa depoti, pa khomo la msika.

Lolemba linapita, zii. Lachiwiri, zii. Mvula yamawawa osaleka. Lachitatu mnyamata uja analowa m'kalasi, mpando wa a Kaliwo uli pakati, wopanda munthu. Anayesa kunola pensulo, inathyoka katatu. Ankadziwa kuti munthu wachikulire wa malaya okha sangapirire chiperoni masiku ambiri.

Lachinayi m'mawa anapita ndi Esinta kumsika, kumaonetsa pepala kwa aliyense. Oitanira minibasi anapukusa mitu. Ogulitsa kaunjika anapukusa mitu. Anafika pa mayi wina wootcha chimanga. Mayiyo anapukuta manja, kuyang'ana, n'kunena kuti, "Bwana wonona chonchi sanadutse pano. Akanadutsa ndikanamufunsira ndine."

Esinta anangokhala pansi m'matope momwemo. Sanakuwe. Misozi yokha.

Pamenepo mnyamata uja anatola khala lozima pambali pa mbaula. Anayala pepala lija pabondo. Ntchito yake yokongola ija, ya dzina lake pansi, anaidula mzere wakuda kuchokera pakhutu mpaka pachibwano. Anatseka diso lamanzere. Anakumba masaya.

Mayi wachimanga uja anakuwa. "Mayo ine! Si agogo akugona kuseri kwa chigayo awa? Dzulo ndinawapatsa chimanga. Akuti akufuna kwawo, koma kwawoko sakukudziwa!"

Anathamanga. Anawapeza atadzikulunga m'matumba a gaga, milomo itauma, thupi lonse lili njenjenje, koma akupuma. Ndipo pakhoma la chigayo chomwecho, pamwamba pa mutu wawo penipeni, panali pepala lija la bwana wa maso awiri. Masiku atatu anthu ankawerenga pepalalo n'kumadutsa, mwini wake ali pansi pake.

Abale anga, tanthauzo lake ndi ili. Mulungu akufunafuna iwe, ndipo amene akumufunayo ndi iwe wa chipsera. Koma ife timabwera m'tchalitchi muno titamata pepala lina. Tasalaza kuledzera. Tatsegula diso limene linafa. Mpingo ukupempherera munthu wa papepalayo, abusa akuyendera munthu wa papepalayo, pamene iwe weniweni uli kuseri kwa chigayo, ukuzizidwa. Chimene ukubisacho ndi chimene akanakupezera. Usachite manyazi, tola khala ngati mnyamata wolimba mtima uja...

Felesiya, kumbuyoko ukuseka chiyani? Anthu a Mulungu, uyo ndi mlongo wanga, amagulitsa mandasi pamsika womwe uja. Ukuti chiyani? Imirira unene mokweza.

Ukuti unalipo?

Eee. Chabwino. Chimodzi chokha ndivomera. Khala lija sanatole ndi mnyamatayo. Anatola ndi Esinta. Anamulanda pepala, n'kudula mzerewo yekha, munthu woti pensulo sanaigwirepo. Mnyamata waluso uja anangoima poteropo, kumadandaula kuti akumuonongera chithunzi.

Zoti mnyamatayo ndi ndani, Felesiya, zimenezo sitinabwerere. Khala pansi.

Koma mwaona nokha, abale. Ndaima pano, pamaso pa Mulungu, kukuuzani kuti musabise chipsera, uku ndikusalaza changa. Tiyeni tipemphere. Muyambe ndi ine.