Bokosi la Maloko Awiri

Manueli anali kalipentala wa manja abwino, koma mtima wake unali ngati mkaka wa pamoto: ukangoyang'ana kumbali, wasefukira. Atabwerako kuchokera ku Malawi, kumene anakhala zaka zisanu ndi zitatu pothawa nkhondo, anapeza mudzi wakwawo, kufupi ndi Massangulo kutsidya kwa malire, uli zipupa zokhazokha. Anaimika benchi lake pansi pa mtengo, ndipo zitseko zambiri za m'mudzimo anapala ndi iye. Mkazi wake Felismina ankakonda kunena kuti, "Bambo awa amadikira thabwa miyezi itatu kuti liume, koma tiyi amamwa akupsa milomo."

Kumanga nyumba sikunali kovuta. Chovuta chinali minda. Amene anatsala pa nkhondo analima minda ya amene anathawa, ndipo aliyense anali ndi chonena chake. Choncho anthu anasankha komisau, komiti ya anthu asanu ndi awiri, kuti iike malamulo a minda ndi kumva madandaulo, ndipo Manueli analimo. Lamulo loyamba limene anagwirizana linali la mapepala. Mboni izilankhula mseri, mphunzitsi Jamila azilemba, mapepalawo azitsekeredwa m'bokosi la maloko awiri. Kiyi wina azisunga Jamila, wina katekisita Mose, amene anali wapampando. Bokosi lizitsekulidwa komisau yonse ili pansi, ndipo wa m'komisau amene mlandu ukumukhudza azikakhala panja. Chizituluka ndi chigamulo chokha, popanda dzina la mboni, pakuti anthu amenewa ankatunga chitsime chimodzi ndi kukwatirana okhaokha. Pokweza manja, la Manueli ndi limene linayamba kufika m'mwamba. Bokosilo anakhoma yekha ndi matabwa a mlombwa, osalandira kanthu.

Sipanapite nthawi, mlandu wake womwe unafika. Munda wa malemu mayi ake, wa m'mbali mwa mtsinje, wokhala ndi mitengo itatu ya mango, ankaulima Che Ossufo, ndipo ankati ndi wa makolo awo. Che Ossufo anali malume ake a Hassani, mnzake wa Manueli wa paubwana, amene ankaweta naye mbuzi. Hassani sanathawe nkhondo. Mkazi wake atamwalira anabwerera pakhomo pa malume akewo, ndipo ankadya ndi njinga yawo, kukapikula nsomba zouma ku Mandimba.

Tsiku la mboni, Manueli anamukhazika panja pa sukulu monga mwa lamulo. Anaona anthu akulowa mmodzimmodzi, ndipo womaliza anali Hassani. Hassani potuluka, Manueli anamugwira malaya.

"Wanena chiyani m'menemo iwe?"

"Ndapereka moni."

"Moni wa ola lathunthu?"

"Anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ndi ana ake. Ndisiye ndipite."

Mose anamuuza kuti chigamulo chituluka pakatha masabata awiri, Jamila akabwerako ku msonkhano wa aphunzitsi ku Cuamba. Unali mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri. Manueli anasiya kudya bwino. Sankaopa za munda zokha. Chinkamudya kwambiri n'chakuti mwina mnzake wamugulitsa chifukwa cha njinga.

"Masabata awiri si chaka, bambo," anatero Felismina. "Lamulolo si munakwezera dzanja ndinu?"

"Ndinakwezera anthu ena," anayankha motero, osamuyang'ana.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa ndi iye yekha. Mahinjesi a bokosi lija anawakhomera kunja, ndi maparafuzu asanu ndi limodzi, misomali ija yochita kupotoza. Ndipo sabata imeneyo ndi iye amene ankaika mazenera m'chipinda cha kutchalitchi mmene bokosilo linkasungidwa. Dzuwa lili pamutu, anthu atapita kukadya, anatembenuza bokosilo n'kumasula maparafuzu aja. Chivundikiro chinatseguka chakumbuyo, maloko awiri ali lendelende kutsogolo ngati alonda ogona.

Pepala la Hassani analipeza msanga. Linali ndi mawu ochepa: "Mango atatuwo anabzala ndi mayi ake a Manueli, madzi othirira ndinkatunga ndine. Amjomba, malume anga, anandisunga nthawi ya nkhondo, sindifuna kuwachititsa manyazi. Koma mundawo si wawo."

Anawerenga katatu, misozi ikugwera pa utuchi wa pa malaya. Kenaka anabwezeretsa zonse mwaukhondo. Akanakhala kuti anawerenga zoipa, mwina akanazisunga m'mimba. Koma chimwemwe chili ngati nyanga ya ng'ombe, sichibisika m'thumba. Masiku atatu otsatira anasiya ntchito za anthu, nakhoma mpando wa mikono, wosalala ngati galasi. Lachisanu, anthu atangoweruka kumzikiti, anausenza pamutu mpaka pakhomo pa Che Ossufo, pamene amuna anali atakhala pamphasa.

"Mpando wokongolawu ngwa ndani, a Manueli?" anafunsa Che Ossufo.

"Ngwa mbale wanga uyu," anatero Manueli, akumwetulira mpaka m'makutu. "Munthu wosaiwala madzi amene anathirira mango a mayi anga."

Hassani anayang'ana zala za kumapazi kwake. Che Ossufo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Za madzi a mangozo mwazimva kuti, poti inu munali panja?"

Manueli anatembenuka n'kubwerera kwawo, mpando atausiya pomwepo.

Dzuwa lisanalowe, njinga inali italowetsedwa m'nyumba, ndipo Hassani anatuluka pakhomopo ndi mphasa yake yokha. Kutacha, amayi atatu anafika kwa Mose kudzapempha kuti mapepala awo atenthedwe iwo akuona. Mkucha wake anabwera ena asanu. Milandu khumi ndi umodzi imene inali pamzere inaima, chifukwa panalibenso wofuna kulankhula pamaso pa bokosi lodontha.

Jamila atabwerako, komisau inakhala pansi. Mose anatembenuza bokosi n'kuloza mitu ya maparafuzu, imene inali ndi zipsera zatsopano.

"Maloko sindinawakhudze, akulu," anatero Manueli chapansipansi.

"Tikuona, bambo. Maloko ali bwinobwino. Chimene mwathyola sichigulidwa ku Cuamba."

Jamila ndiye ananena mawu amene anamulasa. Komisau inali itatsala pang'ono kumubwezera mundawo. Koma tsopano Che Ossufo ankati komisau imaonetsa mapepala kwa anthu ake, ndipo palibe akanawatsutsa. Mlandu uyambirenso chaka chamawa, ngati mboni zidzapezeke. Manueli anamuchotsa m'komisau. Mvula itagwa, Che Ossufo anabzala chimanga mpaka patsinde pa mango, Manueli akukanda kamunda kamchenga kobwereka.

Manueli anakamupeza Hassani ku Mandimba, akusenza matumba a eni ake pamsika. Anaima patsogolo pake, chipewa chili m'manja.

"Iwe Manueli," anatero Hassani, "nkhondo yonse ija sindinagonepo pakhonde la munthu. Wandigoneka pakhonde ndiwe ndi mpando wako."

"Ndalakwa, mbale wanga." Kenaka anafunsa, "Nanga mpandowo uli kuti?"

"Akukhalira amjomba. Akuti msana wawo unasiya kuwawa."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene akanalira akanapanda kuseka. Tsiku lomwelo anabwerera limodzi. Felismina anasesa mosungira matabwa, nasunga mphika wapadera woti usakhudze nyama ya nkhumba, mpaka pamene anamumangira Hassani kanyumba kake.

Kenaka Manueli anapempha Mose kuti amubwereke bokosi lija lili lopanda kanthu. Anachotsa mahinjesi n'kuwakhomera m'kati, kunja kosaoneka ngakhale mutu wa msomali. Munthu wosadziwa kudikira uja anayenda nalo khomo ndi khomo miyezi inayi, akupatsa aliyense chomasulira chake. "Yesani kutsekula, mayi. Ine amene ndinalikhoma ndalephera." Ena ankamuseka, ena ankamubweza ali pachipata. Iye ankabweranso sabata yotsatira. Pang'ono ndi pang'ono mboni zinayamba kubwerera.

Mlandu wake unamvekanso mvula yoyamba ya chaka chotsatira itawaza fumbi. Manueli anakakhala patali, pansi pa mtengo, atafulatira sukulu kuti asaone olowa. Anakhala pomwepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Mose atatuluka anawerenga chigamulo: munda ubwerere kwa Manueli, koma Che Ossufo asunge ndime ya kumunsi kwa mango chifukwa cha zaka zimene anauteteza ku tchire. Manueli sanafunse kuti analankhula ndani, ndipo mpaka lero sadziwa.

Madzulo ake anapita kumundako ndi Hassani, amene malume ake anali atayambanso kumuyankha moni, ngakhale njinga inali idakali m'nyumba. Pa tsinde la mango wapakati panali nkhono ikukwera, tinyanga take tili panja. Manueli anatambasula chala.

"Bweza dzanjalo," anatero Hassani. "Sunakhute?"

Manueli anapinda manja kumbuyo, ndipo awiriwo anaima duu kuiyang'ana ikuyenda. Chinthu chamanyazi ukachigwira msanga chimabwerera m'chigoba, ndipo umadikira kawiri pamene ukanadikira kamodzi. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.