Magazini ya Mayi Sayirini

Kuseri kwa galaja ya chipatala kunali kachipinda konunkha dizilo ndi inki. M'menemo ndi momwe Mayi Sayirini ankakonzera magazini ya anthu onyamula odwala. Dzinalo, lochokera ku kulira kwa ambulansi pamsewu, anawapatsa ndi madalaivala, poti mayiwa akakuwa, ngakhale mbuzi zinkapatuka mumsewu. Pa utsikana wawo anali namwino wa mu ambulansi, ndipo mawondo atayamba kudandaula, bungwe la onyamula odwala linawalanda jakisoni n'kuwapatsa cholembera.

Magaziniyo ankaikonda ngati mwana wobala okha. Inkatuluka ndi nkhani zitalizitali za madokotala: makina othandiza kupuma, kagonekedwe ka wodwala m'galimoto yaikulu, liwiro loyenera pa msewu wa phula. Koma dziko siliima. Zipatala zing'onozing'ono zinamera ngati bowa kumadera akutali, kumene ambulansi imatitimira m'matope, ndipo odwala ambiri anayamba kubwera pa njinga zamoto zokoka kangolo.

Mng'ono wawo, amene anali mzamba pa chimodzi mwa zipatala zimenezi, anawachonderera.

"Achemwali, anyamata a njinga aja ali ndi mafunso ambiri. Apatseniko tsamba limodzi lokha."

"Tsamba la akabaza?" anatero Mayi Sayirini, mphuno ili m'mwamba. "Magazini yanga si msika. Wofuna nzeru awerenge zomwe zilipo."

Posakhalitsa mitolo ya magaziniyo inayamba kubwerera yosamasula. Madalaivala omwe ankailimbirana kale tsopano ankapukutira magalasi. Wapampando wa bungwe anabwera, chipewa chili m'manja, n'kunena monyengerera kuti anzake akuganiza zoitseka.

"Mudzaitseka ine ndili m'manda," anayankha mayiwo, ndipo wapampandoyo anatuluka cham'mbuyo.

Tsiku lina mayiwo atapita kukacheza kwa mng'ono wawo, njinga inatulukira pachipatalapo fumbi lili koboo. M'kangolo munali mmisiri amene anagwa padenga. Woyendetsa njingayo anali atamukhazika tsonga, atamutsamiritsa pa thumba, mutu ukugwedezeka ngati dzungu. Mzamba uja atamutsina chala cha kuphazi, sanamve kanthu.

Mayi Sayirini anamulumphira woyendetsa njingayo.

"Bambo inu, munthu wovulala msana mumamukhazika chonchi? Simuwerenga?"

"Ndinawerenga, amayi," anatero bamboyo, thukuta lili kamukamu. "Munalemba kuti tizimugoneka pa thabwa la mu ambulansi, timumange ndi malamba ake. Ine thabwalo ndilibe, malamba ndilibe. Ndinangoti bola afike ali moyo."

 Mayiwo anathandiza kumugoneka mmisiriyo pa chitseko chomwe anazula ku bafa, namumanga ndi nsalu, mutu atautchinjiriza ndi matawulo uku ndi uku. Manja awo ankagwira ntchito, koma mtima unali kwina. Nzeru ya chitseko imeneyi ankaidziwa kuyambira kale. Sanailembepo chifukwa ankaiona ngati yosayenera pepala losalala.

Mmisiriyo anadzayendanso, koma ndi ndodo, ndipo padenga sanakwereponso.

Mayi Sayirini sanali munthu wolira nthawi yaitali. M'mawa mwake anamanga mpango, n'kukwera kumbuyo kwa njinga yomwe ija, mawondo akulira pa bampu iliyonse. Anayendera zipatala zakutali chimodzichimodzi, nakhala pansi pa mitengo ndi anyamata a njinga, azamba ndi amayi osamalira odwala.

"Lero Sayirini wazima," anawauza. "Lankhulani inu."

Mafunso anagwa ngati matalala. Mayi woyembekezera akamataya magazi panjira, timugoneke bwanji? Mwana wokomoka tim'gwire chotani pa msewu wa mabampu? Mvula ikatipeza pakati pa ulendo, tiime kapena tipitirire? Mafunsowo anapita nawo kwa madokotala awo aja, nawauza kuti ayankhe mwachidule, m'chilankhulo choti ndi agogo omwe amve. Dokotala wina atabweretsa masamba ambirimbiri, anamubwezera.

"Adokotala, munthu ali pa njinga alibe nthawi ya ulaliki. Dulani."

Magazini yotsatira inatuluka ndi zithunzi zojambula pamanja, nkhani za ambulansi zili mbali ino, za njinga mbali inayo. Kwa osadziwa kuwerenga, mayiwo ankawerenga okha n'kutumiza mawuwo pa foni, ndipo palibe anadandaulapo kuti sakumva. Oyendetsa njinga anayamba kutumiza nkhani zawo, madalaivala a ambulansi n'kumawayankha, mpaka mkangano wokoma unabuka wa momwe angapatsirane wodwala pamphambano popanda kumugwedeza.

Wapampando atabweranso, anapeza kachipinda kaja kadzaza anthu ovala zipewa za njinga, aliyense akufuna kuti nkhani yake ilowe. Anasowa ndi poponda pomwe.

"Nanga zotseka zija, bambo?" anafunsa Mayi Sayirini, maso ali pa pepala.

"Ndabwera kudzafunsa ngati mukufuna chipinda chokulirapo," anayankha.

Akuluakulu sananame: nyimbo imodzi sachezera gule.