Mashirimpi Otumbizidwa

Ethel anali atatopa ndi ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Chiyembekezo chake chinali pa mwamuna wake, Tadeyo, amene ankayesedwa ntchito pa famu ya mashirimpi, tinkhanu topindika tija azungu amatikonda. Famuyo inali m'nyumba yakale ya katundu kufupi ndi dera la Gorbals, kudziko la azungu kumene ankakhala, matanki a madzi ofunda ali ndandanda. Tadeyo akanalembedwa ntchito yokhazikika, Ethel akanasiya mashifiti a usiku n'kumagona ngati anthu ena onse.

Mwini famu, Keith, popita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya chiuno, adasiya mawu amodzi: mashirimpi aakazi akaikira mazira azipatulidwa, akapume m'tanki yamdima. Tadeyo adavomera ndi pakamwa, mtima uli kwina.

Loweruka lina Ethel adampititsira chakudya. Adapeza tanki yopumira ili gwaa, youma, aakazi onse ali pakati pa amuna, madzi akutentha ngati osamba. Pathebulo panali mabotolo a mavitamini.

"Bambo a Tupo, tanki iyi bwanji mulibe madzi?"

"Kupuma n'kutaya nthawi, mayi. Ndawonjezera vitamini kawiri. Keith akadzabwera adzapeza ana ali mbwee, ntchito adzachita kundipempha yekha."

"Ndiye mukuwatumbiza."

"Ndi nsomba izi, si anthu."

"Ngakhale nsomba si nsomba, n'tizilombo. Koma chobereka chilichonse chimafuna chikuta. Ine nditabereka Tupochile, mukanati ndimwe mapiritsi n'kutenganso mimba, mukanandiona?"

Tadeyo adaseka. "Inu pitani mukasinthe okalamba anu matewera. Za sayansi tisiyireni."

Ethel adatseka bokosi la chakudya, n'kutuluka kukadikira basi pamvula. Mwamuna ameneyu ankamudziwa bwino. Chimfine, vitamini. Msana, vitamini. Ngakhale kwa apongozi ku Ntcheu, m'malo mwa bulangeti, ankatumiza mabotolo.

Poyamba zidaoneka ngati zayenda. Mazira adachuluka, Tadeyo n'kumafika kunyumba akuimba mluzu, mpaka kukapereka umboni kutchalitchi. Kenaka aakazi aja adayamba kukana chakudya. Zikamba zawo zidafewa n'kutuluka mawanga oyera, ena n'kumangogona chammbali pansi pa tanki. Thupi lotopa ndi nyumba yopanda chitseko, matenda amangolowa osaodira. Tadeyo ataona zimenezi adathiramo vitamini winanso. Madzi adada, nthenda idalumphira kwa ana, ndipo fungo lidayamba kulonjera anthu pakhomo.

Keith adabwera akuyendera ndodo. Adasuzumira m'matanki, n'kuyang'ana tanki youma ija nthawi yaitali. Sadakalipe. Adangonena kuti vitamini amathandiza chitetezo cha m'thupi, inde, koma sabweza mphamvu zimene thupi silidapatsidwe mpata wozipeza. Atatero adapempha makiyi ake.

Ethel adamva nkhaniyi akusita yunifolomu. Adatenga foni, n'kuuza abwana ake kuti asamuchotse pa mashifiti a usiku mpaka chaka chithe.

M'mawa wotsatira adalowa m'nyumba mapazi atatupa, maso ali psuu. Tadeyo adamulandira pakhomo mwaulemu wachilendo, kapu ya madzi kudzanja lina, botolo lotsala kufamu kudzanja linalo.

"Mayi a Tupo, imwani kamodzi, mupezeko mphamvu."

Ethel adayang'ana botolo, adayang'ana mwamuna wake.

"Aja munawamwetsa ali kuti?"

Tadeyo adatsitsa dzanja.

"Mwana mumuperekeze kusukulu, mbale zili m'sinki. Ine ndikukalowa m'tanki yanga yamdima, ndipo wondidzutsa aona."

Chitseko cha kuchipinda chidatsekeka. Tadeyo adatsala pakhomo ndi botolo lake, ntchito palibe, mashirimpi palibe. Akuluakulu sadaname: fulumira adadya gaga.